Maso a Kampunga

Singano si chinthu choseweretsa m'nyumba momwe muli munthu wapakati. Kuno ku Lukang aliyense woleredwa bwino amadziwa zimenezi, ngakhale ana a masiku ano amaseka mukawauza. Mwana akakhala m'mimba, mzimu womulondera sukhala malo amodzi. Lero uli pachitseko, mawa pambaula, mkuja pansi pa bedi kapena mumtsuko wa mpunga. Ukakhoma msomali pomwe wakhala, wakhoma mwana. Ukadula ndi sizasi, mwana amabadwa ndi mlomo wong'ambika. Ukabaya ndi singano, ndiye maso. Ngakhale mpando suusuntha usanaugogode ndi tsache, kuti wosaonekayo amve, apatuke.

Agogo ena, a Bong-chi, zonsezi ankazisunga ngati dzira. Ndiye tangoganizani, mwa adzukulu awo onse, amene anabwera kudzadikirira mimba kunyumba kwawo anali Yunru, wosoka zidole.

Mwamuna wake anali kunyanja ndi sitima zonyamula katundu, ndipo sakanabwerako msanga. Yunru anafika ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi makatoni anayi a ntchito: nsalu zaubweya, thonje, ulusi wamitundu yonse, ndi singano zoti n'kubaya nazo mudzi wathunthu.

Zidole zake sizinali za galu kapena mphaka, zoti munthu n'kuloza n'kunena kuti ichi ndinachionapo. Zinali zotuluka m'mutu mwake momwe, anthu osakhala anthu, nyama zosakhala nyama. Kena kanali ndi nyanga imodzi yothyoka, kena timapiko tosauluka nato. Chilichonse anali atachipatsa dzina, tsiku lobadwa, chakudya chapamtima, ngakhale chomwe chimachikwiyitsa. Anthu a ku Taipei ndi ku Kaohsiung ankaziitanitsa pafoni, ndipo sankati agula, ankati atenga mwana. Ankakwera nazo sitima yapamtunda, kuzikhazika pambali pa kapu ya tiyi, kuzijambula, n'kumutumizira Yunru zithunzi kuti aone mmene mwanayo akukhalira kwa eni ake atsopano.

Inu, chinthu cha nkhope osamachipatsa dzina. Nkhope ndi khomo, dzina ndi kuitana. Zoyendayenda zosowa pokhala zilipo zambiri m'dziko muno, ndipo zikapeza nyumba ya maso awiri yopanda mwini sizigogoda.

Chaka chapitacho Yunru anali atapita padera. Madokotala anati zimachitika, palibe wolakwa. Koma a Bong-chi anali ataona ndi maso awo ku Taichung komwe Yunru ankakhala, mwanayo atakhala pabedi ndi mimba yake, sizasi pamiyendo, singano ili kukamwa. Ulendo uno analumbira kuti sizichitikanso iwo ali moyo.

M'mawa woyamba, Yunru akusamba, anatola singano zonse, mapini ndi masizasi, n'kuzikulunga m'nsalu yofiira. Anapita nazo kwa a Boan, mnzawo wakalekale wogulitsa phala la nsomba ndi mabanzi a nyama kumapeto kwa kanjira, moyang'anana ndi kachisi wa Mkulu wa Nthaka, mulungu woyang'anira dera lathu.

"Mundisungire izi, ndipo musamupatse ngakhale alire."

"Mwayamba kuba muukalamba uno, achemwali?" anatero a Boan akuvundula mphika. "Mukanaba golide bwenzi tikugawana."

"Sekani. Kuseka n'kwaulere."

Atabwerera anapeza Yunru ataima pakati pa makatoni otsegula.

"Agogo, singano zanga zili kuti?"

"Zapita kocheza."

"Agogo!"

"Zidzabwera mwana akadzatha mwezi. Khala pansi, usaime choncho, ndipo chotsa dzanja pachitseko. Ukudziwa ali pati lero?"

Ankayembekezera mkangano, poti mwanayu ali wamng'ono ankakangana ngakhale ndi mvula. Koma Yunru anangokhala pansi, n'kutulutsa kachitini ka mabisiketi m'chikwama cha zovala.

"Maoda onse a zidole ndinawakana kale, agogo. Watsala mmodzi yekha, ndipo si wogulitsa. Ndinamudula kale ndisanadziwe za mimbayi. Kwangotsala kusoka."

M'chitinimo munali tizidutswa ta nsalu yoyera yaubweya wofewa ngati wa mwanapiye, timasamba tiwiri tobiriwira, ndi kangala ka ulusi wagolide.

"Awa ndi makutu ake, ali ngati masamba a mpunga. Uwu ndi mchira. Amakhala mumtsuko wa mpunga, amaopa mpheta, amakonda kumvetsera mvula padenga. Dzina lake ndi Kampunga."

Dzinalo a Bong-chi ankalidziwa. Chaka chija Yunru anawaimbira foni akuchokera kokaunikidwa, akuseka, amvekere, agogo, ndi kakang'ono ngati kambewu ka mpunga! Kuyambira pamenepo aliyense ankamutchula choncho mwana amene sanabadwe uja.

"Tseka chitinicho," anatero motsitsa mawu. "Tseka! Ukufuna kumumangira nyumba, umupatse maso, adzaone mnzake akuyamwa bere lomwe likanakhala lake? Nsanje ya wamoyo timaipirira. Ya winayo ndani anaipirira?"

Yunru anatseka chitini. Sanalire, ndipo chimenecho ndicho chinali choopsa. Mwana wolira ndi wabwino, woti ziii ndiye muzimuyang'anitsitsa.

Ndipo a Bong-chi anamuyang'anitsitsa, poti kuyang'anira ndiyo inali ntchito yawo chibadwire. Sukulu sanaipondeko, ankangoiona pampanda mlongo wawo ali kumsana, koma nkhope ya munthu ankaiwerenga msanga kuposa mmene mphunzitsi amawerengera nyuzi. Anaona Yunru atakhala pazenera, manja pamiyendo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikukoka ulusi womwe panalibe. Anaona mbale ikubwerera mpunga utangosunthidwira mbali ina. Anaphika nsomba ya ginja, anaphika supu wa chiwindi, anaphika phala la mbatata lomwe mwanayu ankalilirira ali wamng'ono. Zonse zinathera kwa mphaka wa a Boan, amene ananenepa mpaka kulephera kukwera khoma.

Kuchipatala dokotala anayang'ana sikelo, anayang'ana kanema wa chounikira, n'kuvula magalasi. Anati mayi akutsika m'malo mokwera, ndipo mwana ndi wamng'ono poyerekeza ndi miyezi yake. Mtima ukugunda bwino, anatero, koma zikapitirira chonchi zinthu sizikhala bwino.

Pobwerera, ali m'basi, a Bong-chi anamugwira dzanja.

"Ukufuna kundipha ndi mantha? Idya, mwanawe. Ngati sukufuna kudyera ine, dyera ali m'katiyu."

"Ndimayesa, agogo." Yunru ankayang'ana minda ikudutsa pazenera. "Koma ndikanyamula supuni ndimaona ngati ndikudyetsa uyu, winayo ataima panja akuyang'ana. Uyu ali ndi mimba yanga, ali ndi inu, ali ndi kabedi. Uja alibe manda, alibe chithunzi, alibe ngakhale thupi loti ndimunyamule kamodzi kokha ndimugoneke."

Mawu amenewo anawabaya a Bong-chi kuposa singano. Moyo wawo wonse ankaopa chinthu cholowa m'nyumba. Anali asanaganizepo za chinthu chotsekeredwa panja, pamphepo, chili chako chomwe. Nanga choopsa n'chiti pamenepa? Ukasoka, wabaya mwana. Ukapanda kusoka, wamupha ndi njala.

Zikafika potero munthu sudalira mutu wako. M'mawa mwake anapita kukachisi, anayatsa lubani, n'kutenga timatabwa tiwiri tofiira tofunsira. Kena kakagwa chagada kena chafufumimba, Mkulu wavomera. Tonse chafufumimba, wakana. Tonse chagada, tikugwederagwedera pansi, ndiye kuti akuseka.

"Mkulu, ndine Bong-chi wa nyumba ya chitseko chobiriwira, mukundidziwa. Mwana uja asoke?"

Anakana.

"Ndisoke ine, m'nyumba?"

Anakananso.

"Nanga ine, kunja kuno, pansi pa kachere wanuyu, inu mukuona, mwiniwake ali patali?"

Kamodzi chagada, kena chafufumimba. A Bong-chi anapumira m'mwamba. Kenako anafunsa lomwe linali pakhosi.

"Nanga maso? Ndikamutsegula maso, sadzamuchita kanthu mnzake?"

Timatabwa tinagwa chagada, tikugwedera. Anaponyanso. Chagada. Anaponya kachitatu, ndipo tinagwedera nthawi yaitali pasimenti ngati munthu wogwira nthiti. Anakweza maso. Mkulu wa Nthaka anali pamalo pake, ndevu zoyera, masaya akuda ndi utsi wa zaka, akumwetulira monga mwa masiku onse.

"Mukuseka chiyani? Pali choseketsa apa?"

Anaweramabe katatu, poti wamkulu ngakhale akuseke sumutembenukira msana mwamwano.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. A Bong-chi anakhala pabenchi ya mwala pansi pa kachere, chitini pamiyendo. Yunru anamukhazika tsidya lina la kanjira, pampando wa makasitomala a a Boan, atayamba augogoda ndi tsache mbali zonse.

"Usawoloke. Ngakhale singano igwe, usaitole. Ngakhale kuiloza usailoze."

"Nanga ndikuuzani bwanji?"

"Pakamwa ulibe?"

"Lero kuli sewero laulere," anatero a Boan akuuza bambo wina wodya banzi ataima. "Khalani pansi, achimwene, muone nkhalamba ikuphunzira kubereka."

Kusoka sikunali kwachilendo kwa a Bong-chi. Ali mtsikana, nthawi ija pabalaza paliponse panali ngati fakitale, galimoto inkatsitsa matumba a zimbalangondo zansalu zopita kunja, ndipo iwo ankaziika maso agalasi kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma. Zikwi ndi zikwi, zonse nkhope imodzi. Akamaliza chimodzi ankachiponya m'thumba chafufumimba, osachiyang'ana, kuti nachonso chisawayang'ane. Ndiye ankati ka chidole kamodzi n'kachiyani.

"Ndipatse chitsanzo," anakuwa.

"Palibe chitsanzo, agogo."

"Chithunzi?"

"Sindinamujambulepo. Ena onse ndimayamba ndajambula, koma uyu ndikagwira pensulo amathawa. Ali m'manja mwangamu basi."

"Ndiye ndifanizire ndi ndani?"

"Ndi iyeyo."

"Mwamva?" anatero a Boan. "Mufanizire ndi iyeyo. Nanga inu amayi anu anafanizira ndi ndani, kuti mutuluke ndi mphuno imeneyo?"

"Inu samalani phala lanu likupserera."

Analumikiza nsalu ya mutu, msoko uli kunja, n'kuitembenuza. Anayamba kulowetsa thonje ndi kamtengo kodyera mpunga.

"Pang'onopang'ono, agogo! Muzilinyenya kaye. M'masaya muchuluke, pachipumi muchepe."

"Thonje ndi thonje."

"Ayi, mwamukalambitsa. Tulutsani."

Anatulutsa. Analowetsanso. Khutu lakumanzere analisoka litaima bwinobwino ngati lakumanja, mwaluso loti bwana wa fakitale akanaombera m'manja, koma Yunru anapukusa mutu.

"Limenelo limagwa. Amagonera mbali imeneyo."

"Wagonera liti, poti ndangomusoka pompano?"

"Amagonera mbali imeneyo, agogo."

Anasula ulusi akung'ung'udza. Koma diso lawo silinali pakhutu lokha. Anaona a Boan akukankhira mbale ya phala pafupi ndi chigongono cha Yunru. Anaona Yunru, maso ali tsidya lino, pakamwa pali kalikiliki ndi malangizo, dzanja likupeza supuni lokha. Kamodzi. Kawiri. A Bong-chi anaweramitsa mutu msanga. Chinthu chabwino chikamachitika osachiyang'ana kwambiri, chimachita manyazi n'kuthawa.

Masiku otsatira anayenda choncho. Mphepo ya kunyanja inayamba, ija imalowa m'tinjira ta Lukang ngati ikufuna munthu, ndipo a Bong-chi ankapanikiza tizidutswa ndi mwala kuti tisauluke. Anthu a m'kanjiramo anazolowera. Wopita kumsika ankaima n'kufunsa ngati miyendo yamera. Wina anati mchira wapendama, n'kuuzidwa ndi anthu atatu nthawi imodzi kuti umayenera kutero. Madzulo a Bong-chi ankasiya chitini ndi singano kwa a Boan, n'kusamba m'manja ndi madzi a masamba ochotsa tsoka asanakhudze chitseko cha kwawo.

Chomwe chinkawadabwitsa n'chakuti mwanayu ankadziwa. Ali patali choncho, ankaona kuti nsidze yatsika ndi ulusi umodzi.

"Ameneyo si iye. Ameneyo ndi wina, wokwiya."

"Ulusi umodzi wokha?"

"Kwezani muone."

Anakweza, ndipo mkwiyo unachokadi pansalupo ngati mtambo. A Bong-chi anaimitsa singano m'mwamba. Anatsitsanso dala, mkwiyo unabwerera. Anakwezanso. Zaka zonse zija ankaganiza kuti zinthu zimalowa m'chidole kuchokera kunja, usiku, mwakuba. Sankadziwa kuti zimabwera ndi ulusi, masana dzuwa likuswa mtengo, kudzera m'zala za munthu.

"Kodi iwe," anafunsa tsiku lina, mawu atatsika, "onse aja umawatenga kuti?"

"Sindidziwa, agogo. Ndimangomva kuti pali wina akudikira. Ndikalakwitsa amakana, ndikalondola amakhala."

"Ndipo suopa?"

"Ndimaopa. Koma kuwasiya akudikira ndiye kumandiopsa kwambiri."

Pakamwa panali papang'ono, timitanda titatu ta ulusi wofiirira. Atamaliza, anapaka masaya ndi kaufa kofiira monga anauzidwira, n'kutseka msana ndi msoko wobisika. Atakakhazika pamiyendo, kanthuko kanakhala. Sikanagwe ngati nsanza, kanakhala, mutu utapendekera mbali ya khutu logwa lija, timanja tili pamimba. Kanali kopepuka ngati mpweya, koma a Bong-chi anamva kulemera kwake m'maondo, kulemera komwe ankakudziwa kuyambira ali ndi mlongo wawo kumsana. Pansi pa nsidze pokha ndi pomwe panali mbee, popanda kanthu.

Kunatsala maso.

Tsiku limenelo anafika atakonzeka ngati wopita kunkhondo. Anayatsa lubani wambiri kuposa masiku onse. M'thumba munali nsalu yofiira ija anakulungira singano, yoti akangomaliza diso lachiwiri amange nayo kumaso kanthuko kasanaone munthu, monga amachitira ndi mafano a milungu asanawatsegule maso. Anabweretsanso kabotolo ka maso agalasi otsala ku fakitale, omwe anakhala zaka zonsezi pansi pa kabati atakutidwa ndi pepala.

"Lero ndiye lero," anatero a Boan. "Ndiitane ozimitsa moto?"

"Lero musaseke, Boan."

A Boan anawayang'ana, n'kusiya.

"Iwe Yunru, tamvera. Ndikamaika lachiwiri utembenuke, uyang'ane kukhoma, manja pamimba. Usacheuke mpaka nditamanga nsalu. Wamva? Tsopano nena, akuda kapena abulauni? Aakulu bwanji?"

Anakweza kabotolo, timaso tija tikuchita phokoso m'katimo. Yunru anakayang'ana ngati sakumvetsa.

"Amenewo ndi a chiyani, agogo?"

"Maso. Nanga aona ndi chiyani?"

"Kampunga saona." Ananena mofatsa, ngati chinthu chomwe dziko lonse limadziwa. "Sanadzukepo. Ndi timizere tiwiri basi, topindikira pansi, ndi tinsidze titatu kumapeto. Ali m'tulo."

A Bong-chi anaimitsa botolo m'mwamba.

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse. Anabwera ali m'tulo, anapita ali m'tulo. Sindikufuna kumudzutsa, agogo. Ndikungofuna kumugoneka pabwino."

Pang'onopang'ono a Bong-chi anatembenuka kuyang'ana m'kachisi. M'kati mwa utsi Mkulu wa Nthaka anali kumwetulira. Katatu konse anawaseka, nkhalamba yofunsa za khomo lomwe kulibe. Akanafunsa mwanayu tsiku loyamba lija, m'malo molamula kuti chitini chitsekedwe, bwenzi atamva kalekale. Koma mantha ali ndi pakamwa pokha, makutu alibe.

Anabweza botolo m'thumba. Anasankha ulusi wabulauni, anaunyowetsa ndi malovu, ndipo unalowa pasingano ulendo woyamba womwe.

"Yambirani pafupi ndi mphuno," anatero Yunru. "Mutsike pang'ono. Eya. Mukwerenso."

Koma ka mzere kachiwiri sanauzidwe. Zikope za mwana wogona ankazidziwa. Anali ataziyang'anira za mlongo wawo, za ana awo, za Yunru yemweyo, atawerama ndi mantha, chala pansi pa mphuno kuti amve ngati akupuma. Dzanja linayenda lokha. Anamanga mfundo, anaibisa m'thonje, analuma ulusi.

Kenako anachita chomwe anali asanachitepo chibadwire. Anayang'ana chidole kumaso.

Anali mwana, ndipo anali m'tulo. Osati chidole chotseka maso, ayi. Tulo tinalimo, tolemera, tokoma, ta munthu amene sanamvepo njala kapena kukalipiridwa. Panthawi ina panali nsalu, thonje ndi ulusi, zomwe iwo eni anazigwira chimodzichimodzi, ndipo tsopano panali wina. Sanaone pomwe analowera. Sanafanane ndi Yunru, sanafanane ndi mwamuna wake, sanafanane ndi aliyense amene anapondapo dziko lino, koma ukanamuika pakati pa zikwi za zimbalangondo zija akanamutola osazengereza.

Mphepo inagwedeza khutu lobiriwira lija, ndipo a Bong-chi anatchinga ndi dzanja.

A Boan anafika kumbuyo kwawo akupukuta manja. Anasuzumira chidolecho. Anabwerera chakumbuyo, n'kukazimitsa wailesi ya pamalonda pawo. Mnyamata wa njinga yamoto amene ankalowa m'kanjiramo anaona nkhalamba ziwiri zitamukwezera zala pamilomo, anazimitsa injini, n'kudutsa akukankha, osadziwa n'komwe chifukwa chake.

"Agogo," Yunru ananong'oneza kuchokera tsidya lija. "Ndiwoloke?"

A Bong-chi anatola singano, anaibaya pachigamba, anatsekera m'chitini pamodzi ndi sizasi, n'kupatsa a Boan kuti apite nazo kutali. Anayang'ana pabenchi, anayang'ana pansi, anasesa ndi phazi.

"Woloka. Uone mwalawo."

Yunru anamunyamula ndi manja awiri, limodzi kumutu, monga amanyamulira wakhanda. Anamuika paphewa. Apo ndiye analira, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo a Bong-chi sanamuletse ngakhale amati wapakati asamalire. Misozi ina ndi yofunika ituluke, ikakhalitsa imawola.

Mwadzidzidzi Yunru anasiya, n'kugwira pamimba.

"Wandimenya."

"Ndani?"

"Uyu. Mwamphamvu, agogo, gwirani!"

Anagwira. Pansi pa dzanja lawo chinachake chinagunda, n'kugundanso, ngati munthu wogogoda kuti mwandiiwala kodi. Dzanja limodzi pa wogona, lina pa wodzuka, a Bong-chi anasowa chochenjeza.

"Ameneyo akufunsa za phala," anatero a Boan akufwenthera m'epuloni. "Ndikumudziwa, ndi kasitomala wanga. Mbale yaikulu kapena yaing'ono?"

"Yaikulu," anatero Yunru. "Ndi banzi."

Nsalu yofiira ija sinapite pachabe. Kampunga anamuika pashelefu pamwamba pa mtsuko wa mpunga, atagogoda kaye ndi tsache, ndipo a Bong-chi anamufunditsa nayo mpaka m'khosi, poti kukhitchini kumalowa mphepo.

Mwana anabadwa nyengo ya mvula yamawawa, chakumasana. Anali wamkazi, wosanenepa kwenikweni koma wa mawu ngati wogulitsa nsomba. Namwino atawapatsa, a Bong-chi sanayambe ndi kumwetulira. Anayamba ndi mlomo. Unali wathunthu. Anawerenga zala za m'manja ndi zakumapazi, anatembenuza makutu, anafufuza msana wonse ngati pali pobayidwa. Panalibe. Kunatsala malo amodzi, maso, koma zikope zinali zotseka, timizere tiwiri topindikira pansi, tofanana ndendende ndi tija anasoka pansi pa kachere.

"Iwe," ananong'oneza. "Iwe si wogona. Wogona tili naye kale kunyumba."

Kamwanako kanakwinya chipumi. Chikope chimodzi chinakanuka, kenako chinzake. Maso akuda bii, onyowa, opanda chitsanzo, anayendayenda n'kudzaima pankhope ya nkhalambayo, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali ngati akuiloweza.

A Bong-chi, amene anatha moyo wonse akutembenuza nkhope chafufumimba, sanaphethire.

Singano anazibweza mwana atatha mwezi, osati tsiku limodzi lisanakwane, ndipo mpaka lero salola kuti Yunru asokere pabedi. Musamve nkhaniyi n'kuyamba kudula nsalu paliponse muli ndi pakati, singano idakali singano. Koma mukadzafika kunyumba ya chitseko chobiriwira, mukalowa kukhitchini muzitsitsa mawu, ndipo chivundikiro cha mtsuko muzichiika pang'onopang'ono. Pamwamba pake pali amene akugona.